BÉLA BARTÓK: KATSWIRI AMENE ANAPHUNZIRA NYIMBO KWA ALIMI A M'MIDZI

Ku maiko a ku Ulaya kuli mtundu wa nyimbo zimene zimayamba zalembedwa papepala zisanaimbidwe. Wopeka nyimbo amakhala pansi miyezi yambiri kulemba cizindikiro ca liu liri lonse, ndipo pambuyo pace gulu la anthu ofika 80 kapena 100, ali yense ndi coimbira cace, limaliza zimene iye analemba, omvera ali cete m'nyumba yaikulu. Kwa zaka mazana ambiri nyimbo zotere zinali za mafumu, za machalichi ndi za anthu olemera a m'mizinda. Koma mmodzi mwa akatswiri amene anasintha kwambiri kapekedwe ka nyimbozi m'zaka za m'ma 1900 anatenga nzeru zace kwa alimi osadziwa kulemba, kwa abusa a nkhosa ndi kwa amai okalamba a m'midzi. Munthuyo ndi Béla Bartók wa ku Hungary.

Ubwana wace

Bartók anabadwa pa 25 Marichi, 1881, m'tauni yaing'ono ya Nagyszentmiklós. Pa nthawiyo tauniyi inali m'dziko la Hungary, koma lero iri m'dziko la Romania ndipo dzina lace ndi Sânnicolau Mare. Atate ace anali mkulu wa sukulu ya zaulimi, ndipo amai ace, a Paula Voit, anali mphunzitsi wodziwa kuliza piyano. Mwanayo anakula modwaladwala. Kufikira atakwana zaka 5 anabvutika ndi nthenda ya pakhungu, motero sanali kusewera kwambiri ndi anzace. Nthawi yaikulu anali kukhala m'nyumba kumvetsera piyano ya amai ace, ndipo iwo ndiwo anali aphunzitsi ace oyamba.

M'caka ca 1888, iye ali ndi zaka 7, atate ace anamwalira. Amai Paula anatsala ndi ana awiri, Béla ndi mlongo wace Elza, ndipo anayamba kusamukasamuka kufuna nchito ya uphunzitsi kuti alere anawo. Ku Nagyszőlős, kumene tsopano kuli m'dziko la Ukraine, Béla analiza piyano pamaso pa anthu kwa nthawi yoyamba m'caka ca 1892, ali ndi zaka 11, ndipo imodzi mwa nyimbozo inali yopeka yekha. M'caka ca 1894 banjali linakhazikika mumzinda wa Pozsony, umene lero ndi Bratislava, likulu la dziko la Slovakia. M'madera onsewa munali kukhala mitundu yambiri ya anthu moyandikana, uli wonse ndi cinenero cace ndi nyimbo zace.

Mnyamatayo anapatsidwa malo pa sukulu yochuka ya nyimbo ya ku Vienna, koma m'caka ca 1899 iye anasankha kupita ku sukulu yaikulu ya nyimbo ya mumzinda wa Budapest, likulu la dziko la kwao. Kumeneko István Thomán anamphunzitsa piyano, ndipo János Koessler anamphunzitsa kupeka nyimbo. M'masiku amenewo Hungary inali yomangika pamodzi ndi Austria pansi pa mfumu imodzi, ndipo acinyamata ambiri anali kulakalaka ufulu. Bartók nayenso anali wotentha mtima pa nkhaniyi. M'caka ca 1903 anapeka nyimbo yaitali yochedwa Kossuth, yolemekeza Lajos Kossuth amene anatsogolera nkhondo ya ufulu ya mu 1848. Nyimboyi inaimbidwa ku Budapest ndi ku Manchester m'caka ca 1904.

Nyimbo ya mlezi wa ana

Ngakhale anali wokonda dziko lace, Bartók sanali kudziwa nyimbo zenizeni za anthu a kwao. Zimene anthu a m'mizinda anali kuziyesa nyimbo za makolo zinali zopekedwa m'matauni momwemo, zoimbidwa ndi magulu olipidwa m'mahotela ndi m'nyumba zomwera. Ngakhale katswiri wamkulu Franz Liszt anatenga nyimbo zomwezo poganiza kuti ndizo za mtundu wace. Ophunzira a m'mizinda anali kuona mlimi monga munthu wa khasu cabe, wopanda kanthu kakuti wina n'kuphunzirako.

M'caka ca 1904 Bartók anapita kukapuma kumudzi wina wochedwa Gerlicepuszta. Ali kumeneko anamva mtsikana wolera ana, dzina lace Lidi Dósa, akuimba nyimbo za kwao ku Kibéd, m'cigawo ca mapiri ca Transylvania. Nyimbozo sizinafanane ndi ciri conse cimene iye anaphunzira kusukulu, ndiponso sizinafanane ndi za m'mahotela zija. Anampempha mtsikanayo kuti aziimbenso, nazilemba papepala. Kuyambira pamenepo anazindikira kuti m'midzi munali cuma cimene anthu ophunzira anali asanacione.

M'caka cotsatira anapalana ubwenzi ndi Zoltán Kodály, mnyamata wophunzira amene anali atayamba kale kuyendera midzi kusonkhanitsa nyimbo. Ubwenzi wao unakhala kwa moyo wonse. M'caka ca 1906 awiriwa anasindikiza kabuku ka nyimbo 20 za m'midzi, koma anthu a m'tauni sanakasamale, ndipo panapita zaka zambiri mabukuwo asanathe kugulidwa.

Maulendo a m'midzi

Kuyambira m'caka ca 1906 Bartók anayamba kuyenda m'midzi atanyamula makina otolera mau a Edison, amene anali kholo la galamafoni. Makinawo anali ndi lipenga lalikulu. Munthu akaimba pakamwa pa lipengalo, kasingano kanali kulemba mau ace pa kamgolo ka phula kozungulira, ndipo kamgolo kamodzi kanali kutenga mphindi zowerengeka cabe. M'caka ca 1907 iye anasankhidwa kukhala mphunzitsi wa piyano pa sukulu yomwe anaphunzirapo ija, motero maulendowa anali kuwayenda pa nthawi ya chuti, pa ngolo ndi pansi, m'miseu yoipa.

Nchitoyi sinali yapafupi. Alimi anali kukayika poona bwana wa m'tauni akufuna nyimbo zao. Ena anali kumuimbira nyimbo za kuchalichi kapena zatsopano zocokera m'tauni, poganiza kuti zakale zija n'zocititsa manyazi pamaso pa munthu wophunzira. Iye anali kukhala nao moleza mtima kufikira nkhalamba zitamasuka ndi kutulutsa nyimbo za paukwati, za pamaliro, za pokolola ndi zogonekera mwana. Anali kulemba dzina la mudzi, dzina la woimba ndi mau onse a nyimboyo. Atabwerera kunyumba anali kuliza timigolo tija pang'onopang'ono, kawirikawiri, kuti alembe kupinda kuli konse kwa liu monga momwe woimbayo anaimbira, osakonza kanthu.

M'caka ca 1907, pakati pa anthu a m'mapiri a ku Transylvania, anapeza cinthu cimene cinasintha maganizo ace. Oimba kwaya amadziwa kuti makwerero a nyimbo za kusukulu ali ndi mau 7: do, re, mi, fa, so, la, ti. Koma nyimbo zakale kwambiri za alimi aja zinali kuyenda pa mau 5 okha, popanda fa ndi ti. Zina zinali kutsata mayendedwe a kalankhulidwe ka munthu, kufulumira ndi kucedwa monga momwe mau a cinenero amayendera. Kwa mitundu ina anapezako magule amene kugunda kwace kumawerengedwa 5 kapena 7, osati 3 kapena 4 monga anazolowera a m'mizinda. Apa Bartók anaona kuti malamulo a kusukulu sanali njira yokhayo yopekera nyimbo. Pa nthawi imene akatswiri ambiri a ku Ulaya anali kufunafuna njira zatsopano cifukwa zakale zinali zitatopetsa, iye anaipeza njira yace pakamwa pa alimi.

Sanalekezere pa anthu a mtundu wace okha. Anasonkhanitsa nyimbo zambiri za aSlovak ndi za aRomania, amene pa nthawiyo anali kukhala m'kati mwa malire a Hungary, ndiponso za aSerb ndi za mitundu ina. M'caka ca 1913 anaoloka nyanja kufika mu Afirika, m'dera la Biskra ku Algeria, kumene anatola nyimbo za Aluya a m'midzi. M'caka ca 1932 anakhala nao pa msonkhano waukulu wa nyimbo za Aluya ku Cairo, ndipo mu 1936 anayendera midzi ya kumwera kwa Turkey pamodzi ndi wopeka nyimbo wa komweko, Ahmed Adnan Saygun. Pa moyo wace wonse anasonkhanitsa nyimbo za m'midzi pafupifupi 10,000. Pozifanizira anaona kuti nyimbo imaoloka malire, imabwerekedwa ndi mtundu woyandikana nao, imasinthika, ndipo nthawi zina imabwerera kwao itabvala cobvala cina. Iye anakhulupirira kuti kubwerekana kumeneku ndiko kumalemeretsa nyimbo za mitundu yonse.

Kapekedwe kace

Bartók anafotokoza kuti pali njira zitatu zimene wopeka nyimbo angagwiritsire nchito nyimbo za m'midzi. Yoyamba ndiyo kutenga nyimboyo monga iriri ndi kungoiikira mau oiperekeza. Yaciwiri ndiyo kupeka nyimbo yatsopano yofanana ndi za m'midzi. Yacitatu, imene iye anaiona kukhala yopambana, ndiyo kuzimvetsera nyimbozo kufikira zitalowa m'magazi, kotero kuti munthu apeke zace za iye mwini m'cinenero ca nyimbozo monga momwe amalankhulira cinenero ca amai ace. Njira zonse zitatu anazitsata. M'zaka za 1908 ndi 1909 anakonza nyimbo za m'midzi kuti ana ophunzira piyano aziliza, ndipo mu 1915 anakonza magule a aRomania amene afikira lero ali okondedwa. Koma m'nyimbo zace zazikulu, monga zisanu ndi imodzi zimene analembera gulu la anthu anai oliza zoimbira za nsambo zokwecha ndi uta monga kaligo, munthu sapezamo kawirikawiri nyimbo ya mudzi wakutiwakuti, koma mzimu wace umamveka ponseponse.

Poyamba anthu a ku Budapest sanazilandire nyimbozi. Kwa makutu ao zinali zaukali ndi zosokosa, cifukwa Bartók anali kuliza piyano mogunda monga ng'oma, ndi kuphatikiza mau amene a kusukulu anali kuti sagwirizana. M'caka ca 1911 anapeka sewero loimba lonena za nyumba yacifumu ya Bluebeard, koma oweruza a mpikisano analikana. Iye anakhumudwa, nadzipatula kwa zaka zingapo, akulimbikira nchito ya m'midzi yokha. Zinthu zinasintha mu 1917 pamene sewero lace lobvina, lonena za mwana wa mfumu wosemedwa ndi mtengo, linakondweretsa anthu, ndipo mu 1918 sewero lokanidwa lija linaonetsedwa.

Malire atsopano

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pangano la ku Trianon la mu 1920 linalanda Hungary magawo awiri mwa magawo atatu a dziko lace. Tauni yobadwira Bartók inagwera ku Romania, ndipo midzi yambiri imene anali kuyendera inatsala kutsidya kwa malire atsopano. Maulendo ace a m'midzi ya kwao anathera pomwepo. Mitima ya anthu inali yowawa, ndipo ena analemba m'manyuzipepala kumuneneza kuti sakonda dziko lace cifukwa anali kulemekeza nyimbo za aRomania. Iye sanabwerere m'mbuyo. M'caka ca 1923, atapemphedwa kupeka nyimbo ya cikondwerero ca zaka 50 za mzinda wa Budapest, analemba magule osanganiza kaimbidwe ka anthu a ku Hungary, ka aRomania ndi ka Aluya. Mu 1930 anapeka nyimbo yaikulu ya kwaya yochedwa Cantata Profana, yocokera pa nthano ya aRomania yonena za ana amuna 9 a mlenje amene anasanduka nswala, osathanso kubwerera kunyumba ya makolo ao.

Kunja kwa dziko dzina lace linali kukula. Mu 1922 anakaimba ku London ndi ku Paris. Caka comweco akatswiri a maiko ambiri anakhazikitsa bungwe la nyimbo zatsopano ku Salzburg, limene linayamba kucititsa cikondwerero caka ndi caka m'mizinda yosiyanasiyana. Pa cikondwerero ca bungweli ku Frankfurt, pa 1 Julayi, 1927, Bartók analiza kwa nthawi yoyamba nyimbo yace yaikulu ya piyano ndi gulu lonse la oimba, wotsogolera gululo ali Wilhelm Furtwängler. Pakutha pa caka comweco anapita kukaimba ku America, ndipo mu 1929 anafika ku Soviet Union.

Pa za banja, iye anakwatira Márta Ziegler mu 1909, nabala naye mwana wamwamuna, Béla, mu 1910. Ukwatiwo unatha mu 1923, ndipo anakwatira Ditta Pásztory, woliza piyano, amene anambalira mwana wina wamwamuna, Péter, mu 1924. Pophunzitsa Péter piyano analimbikira kulemba mabuku 6 ochedwa Mikrokosmos, a nyimbo 153 zoyambira pa zapafupi kufikira zobvuta kwambiri, amene anawatsiriza mu 1939. Mu 1934 anasiya uphunzitsi nayamba nchito pa bungwe la sayansi la dziko la Hungary, kusanja nyimbo zikwizikwi zimene iye, Kodály ndi ena anasonkhanitsa. M'zaka zomwezi Paul Sacher wa ku Basel m'dziko la Switzerland anamuitanitsa nyimbo zingapo zimene lero zimawerengedwa pakati pa nyimbo zopambana za m'zaka za m'ma 1900.

Kuthawa kwao

Pa 23 Januwale, 1933, Bartók anaimba ku Frankfurt. Patapita sabata imodzi Adolf Hitler anatenga ulamuliro wa Germany, ndipo Bartók sanakaimbenso m'dzikolo. Ciphunzitso ca Hitler cakuti mtundu umodzi ndiwo woyera ndi woposa ina cinali cotsutsana ndi zonse zimene iye anaziona m'midzi. Mu 1938, Germany italanda Austria, kampani ya ku Vienna imene inali kusindikiza nyimbo zace inagwera m'manja mwa cipani ca Nazi. Iye anakana kuyankha mafunso ofufuza za mtundu wa makolo ace, nasamutsira nyimbo zace ku kampani ya Boosey & Hawkes ya ku London, ndipo anayamba kutumiza zolemba zace kunja kuti zisaonongeke.

Boma la Hungary nalonso linali kuyandikira kwa Hitler. Cimene cinali kumgwira Bartók kuti asacoke ndi amai ace okalamba, amene anamlera m'umasiye. Iwo anamwalira mu Disembala, 1939. Mu Okutobala, 1940, iye ndi mkazi wace anatsazika anthu a ku Budapest ndi nyimbo, nanyamuka ulendo wa ku America. M'kalata ya cuma ca masiye analamula kuti pasapezeke mseu kapena bwalo lochedwa ndi dzina lace m'dzikomo pa nthawi yonse imene miseu ya Budapest idzakhala ndi maina a Hitler ndi Mussolini.

Ku New York moyo unali wobvuta. Nyimbo zace sizinali kuimbidwa kawirikawiri, ndipo ndalama zinali zocepa. Yunivesite ya Columbia inampatsa ulemu wa udokotala ndi nchito yolemba papepala nyimbo za anthu a m'midzi ya ku Yugoslavia zimene Milman Parry wa ku Harvard anatola pa makina. Motero ngakhale m'dziko lacilendo anali kukhalabe tsiku lonse akuchera khutu ku mau a alimi. Mu 1942 anayamba kudwala malungo osatha, naonda kwambiri. Pambuyo pace madokotala anapeza kuti inali khansa ya m'magazi. Iye anali munthu wosafuna kupatsidwa zaulere, koma bungwe la opeka nyimbo la ku America linalipira mankhwala ace.

Anzace awiri a kwao, Joseph Szigeti woliza vayolini ndi Fritz Reiner wotsogolera magulu a oimba, anakambirana ndi Serge Koussevitzky wa gulu la ku Boston kuti ampatse nchito. Mu 1943 Koussevitzky anamuyendera m'cipatala namuitanitsa nyimbo pa mtengo wa madola 1,000. Wodwalayo anapezanso mphamvu, ndipo pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, ali ku Saranac Lake, analemba Concerto for Orchestra, nyimbo imene imapatsa coimbira ciri conse ca m'gulu mpata womveka pacokha. Inaimbidwa ku Boston pa 1 Disembala, 1944, ndipo anthu anailandira ndi manja awiri. Caka comweco anapekera Yehudi Menuhin nyimbo ya vayolini yokha. Nyimbo yace yacitatu ya piyano ndi gulu anailembera mkazi wace, koma imfa inampeza atatsala ndi mizere yowerengeka, imene mnzace Tibor Serly anaitsiriza.

Béla Bartók anamwalira ku New York pa 26 Sepitembala, 1945, ali ndi zaka 64, nkhondo yaciwiri itangotha kumene. Pa maliro ace panafika anthu ocepa. Anaikidwa ku manda a Ferncliff pafupi ndi mzindawo. Patapita zaka 43, ana ace awiri anabweza mafupa ace kwao, ndipo pa 7 Julayi, 1988, boma la Hungary linamuika mwaulemu ku manda a Farkasrét mumzinda wa Budapest.

Cimene anasiya

Lero nyimbo za Bartók zimaimbidwa ndi magulu aakulu m'maiko onse, ndipo ana ambiri ophunzira piyano amayambira pa mabuku ace. Wailesi ya boma ya nyimbo zotere ku Hungary imachedwa ndi dzina lace. Ophunzira amamuwerengera pamodzi ndi Kodály pakati pa anthu amene anayala maziko a maphunziro ofufuza nyimbo za mitundu ya anthu. Timigolo ta phula tija tikusungidwabe ku Budapest, ndipo mau a alimi amene anaimba m'lipenga lace zaka zoposa 100 zapitazo akumvekabe, ngakhale kuti m'midzi yambiri nyimbozo zinaiwalika.

Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Nkhalamba za ku Transylvania zimene zinali kucita manyazi ndi nyimbo zao sizinadziwe kuti zinali kuphunzitsa mmodzi mwa akatswiri aakulu a ku Ulaya. Bartók anali ndi maphunziro onse a kusukulu, koma njira yace anaipeza pokhala pansi ndi kumvetsera mlimi. Cifukwa ca ico, mai woimba pamtondo kapena mkulu wosunga nyimbo za pamaliro ndi za pacinamwali asadziyese wopanda kanthu. Nyimbo yosalembedwa imakhala ndi moyo pokhapokha pali woiimba ndi wina woimvetsera, ndipo ikafa pamodzi ndi mwini wace palibe sukulu imene ingaipekenso.